Ndinalanda Fanta Kukamwa kwa Apongozi

1

Mumsika wa pa boma ku Mchinji nkhani yanga ili ndi eni ake ambiri. Azimayi ogulitsa tomato amati ndinaledzera. Anyamata a kabaza amati mizimu ya ku Zambia inandikana. Pali mayi wina wa kaunjika amene amalumbira kuti analipo, ngakhale sanaolokepo malire chibadwire. Onsewa amagwirizana pa chinthu chimodzi: kuti ine Esitele wogulitsa zitenje ndinapita ku Katete kukaonekera kwa makolo a mwamuna wondifunsira, ndipo ndinakalanda botolo la fanta kukamwa kwa apongozi aamuna, mudzi wonse ukuona.

Zimenezo ndi zoona. Ndinamwa yense, ndipo sindinapepese.

Ndili ndi matenda a shuga. Osati shuga uja amabwera ndi ukalamba ndi mimba yaikulu. Wanga ndi wa mtundu woyamba. Anandipeza naye ndili kupulaimale kwathu ku Mkanda, nditaonda ngati bango, ndikumwa madzi ngati ng'ombe ya pangolo. Thupi langa silipanga insulini, choncho ndimadzibaya ndekha ndisanadye chakudya. Lamulo lake ndi louma: ukabaya, udye. Mankhwalawo sadikira kuti wophika amalize miseche. Ukachedwa kudya amatsitsa shuga m'magazi mpaka unjenjemere, uyankhule ngati chidakwa, ukomoke, ndipo ena sadzukanso. Zikafika pamenepo mankhwala ake ndi shuga yemweyo. N'chifukwa chake maswiti sandichoka pathupi.

Cyprian Mwale ankayendetsa thiraki ya feteleza pakati pa Lilongwe ndi Lusaka. Tinadziwana pa malire, iye akudikira mapepala, ine ndikukangana ndi osintha ndalama. Anali wamtali, woseka mofatsa, wosamwa mowa. Za matenda anga ndinamuuza tsiku lachiwiri, ndipo sanathawe. Amuna ena ankangoona singano basi, foni yawo n'kusiya kupezeka. Wina anandiuza maso ndi maso kuti sangakwatire chipatala. Choncho Cyprian atakhala, ndinayesa ndapeza munthu womvetsa. Zaka ziwiri zinatha ndikumufotokozera za thupi langa, iye akugwedeza mutu, maso ali pa mpira wa pafoni.

2

"Kwathu usakanene za shuga," anatero tsiku lina, titakhala m'thiraki yake pa mzere wa pa malire.

"Ndikanene za chiyani, za mchere?"

"Sindikuseka, Esi. Amayi ndi munthu wakale. Akamva za majakisoni aganiza zina. Tikwatirane kaye, adzadziwa pang'onopang'ono."

"Nanga ndikabayira kuti?"

"Kubafa. Ndi masiku awiri okha."

Ndinavomera. Musandifunse chifukwa. Mkazi amene azing'ono ake onse anakwatiwa amavomera zinthu zimene sangalangize mnzake.

Ulendo wa munthu wa shuga suyamba ndi madiresi. Insulini imadana ndi kutentha. Kunyumba ndimaisunga mu mtsuko wokhala pa mchenga wonyowa, koma mtsuko sukwera minibasi. Ndinatenga fulasiki ya tiyi, ndinathiramo madzi ozizira, n'kuikamo timabotolo titakulungidwa m'pulasitiki. Ndinatenga mankhwala oposa amene ndikanafuna, ena m'fulasiki, ena m'kansalu konyowa m'chikwama cha m'manja, poti katundu amatha kupitirira ku Lusaka mwini wake atatsika. Ndinalongedza masingano, kamakina koyezera shuga ndi kabuku ka kuchipatala. Maswiti ndinawaika mu kachikwama ka m'chiuno kamene amalonda timavala mkati mwa chitenje.

Pa malire wapolisi wa ku Zambia anatsegula fulasiki n'kusuzumiramo.

"Tiyi wa mtundu wanji uyu, amayi?"

Ndinamuonetsa kabuku. Anawerenga, anatseka fulasikiyo bwinobwino ndi manja awiri, n'kundibwezera. Cyprian anali ataima patali ngati sitili limodzi.

Pa Chipata tinakwera minibasi ya ku Katete. Kondakitala anatipanikiza ngati fodya wa m'belo, ndipo kachikwama kaja kanayamba kundifinya m'mimba. Ndinakavula n'kumupatsa Cyprian kuti andigwirire. Iye anagula mtedza wokazinga pawindo, ine tulo n'kundiba paphewa pake. Potsika anandibwezera kachikwamako, ndinakavala osatsegula.

3

Kwawo kwa Cyprian sikunali kwa amphawi. Nyumba ya malata, sola padenga, ng'ombe khola lodzaza. Amayi ake, aNambewe, anandilandira ndi manja awiri, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi ndi maso achisoni amene sindinawamvetse. Mlongo wake Loveness anali atabwera kuchokera ku Lusaka, ndi tsitsi logula lofika m'chiuno. Bambo ake, aMwale, anakhala patali pansi pa mtengo wa mango, poti mtengwa ndi apongozi aamuna sayandikirana. Tinapatsana moni kudzera mwa Loveness ngati anthu a zilankhulo ziwiri.

Kunabwera tiyi. Ndinayang'ana pa thireyi, shuga panalibe. Ndinayesa aiwala, koma onse ankamwa choncho. AMwale ankameza wawo ndi nkhope ya munthu womwa kwinini. Ana a pakhomopo anandizungulira chapatali, akundiyang'ana ngati ndine ndinawaphera galu.

Madzulo mbale yanga inabwera ndi kamtanda kamodzi ka mgaiwa, chisoso chowawa ndi dzira. Mbatata inandidutsa pamphuno kupita kwa ena. Kenako aNambewe anandibweretsera kapu ya madzi obiriwira.

"Ndi masamba a nimu, mwana wanga. Amatsuka m'thupi."

Ndinathokoza, ndipo atapotoloka ndinathirira maluwa awo. Mwamwayi ndinali nditasuzumira kukhitchini ndisanapite kubafa kukabaya, choncho ndinabaya pang'ono molingana ndi kamtandako. Bafa lake linali la udzu, lopanda denga, nkhuku zikundionerera.

"Kwanu kuno shuga anakwera mtengo?" ndinamufunsa Cyprian titakumana pa mjigo.

"Amayi anasiya. Akuti amawononga mano."

Ndinaseka mumtima. Ng'ombe zonsezo, koma supuni ya shuga ayi. Ndinati ndikafotokozera anzanga mumsika kuti ndakwatiwa kwa anthu oumira.

4

Kutacha panali phwando. Mbuzi inaphedwa, nkhuku zinatha pakhomo, mpunga unaphikidwa m'mapoto a pamaliro. M'mawa anandipatsa tiyi wowawa uja ndi dzira linanso, ndipo pofika masana njala inali itandigwira. Loveness anabwera akupukuta manja.

"Ba mulamu, manje zakudya zapsa. Konzekani."

Ndinaona ndi maso anga mbale zovundikira zikutuluka m'khitchini. Ndinathamangira kubafa, ndinayeza, ndinabaya mankhwala okwanira mbale yodzaza ya mpunga. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ine wa sitolo ya zitenje, wodziwa kuti kasitomala sanagule mpaka ndalama ili m'manja, ndinaiwala.

Nditangotuluka, azimayi anandigwira ndi nthungululu. Anandikhazika pa mphasa pakati pa bwalo, miyendo yowongola, n'kundifunditsa chitenje kuyambira kumutu mpaka m'mawondo. Loveness anagwada pambali panga.

"Kwathu kuno mtengwa sadya, salankhula, sadzutsa mutu mpaka azakhali aakulu atamufupa n'kumuvundukula," ananong'ona.

"Ali kuti azakhaliwo?"

"Ali m'njira. Njinga yawo yaphulika tayala."

Cyprian anali atandiuza mtundu wa nsapato zoti ndivale, koma za mwambo umenewu sanatchuleko.

Azimayi anaimba nyimbo. Itatha anaimba ina. Amalume ake a Cyprian anaimirira kuti atsekere nthawi, ndipo anayambira mbiri ya banjalo pa agogo amene anagwira ntchito ku migodi. Unali mwezi wa Okutobala. M'kati mwa chitenje munali ngati mu uvuni wa njerwa, koma thukuta limene linayamba kutsika pamsana panga linali lozizira. Ndikulidziwa thukuta limenelo. Mtima unayamba kugunda m'makutu, zala zikunjenjemera.

Sindinachite mantha. Ndinalowetsa dzanja m'chiuno, ndinatsegula kachikwama, ndinatulutsa kapulasitiki.

Munali mtedza.

Ndinafufuza m'makona monse. Mtedza wokhawokha. Ndinatafuna wodzaza dzanja, ngakhale ndinkadziwa kuti mtedza pa shuga wotsika uli ngati kuzimitsa moto wa nyumba ndi malovu. Ndinakoka mwendo wa Loveness.

"Mlamu, ndipatseni shuga. Masupuni atatu m'madzi. Msanga."

"Iyayi, ba mulamu. Limbani mtima."

"Ndiye mpunga. Ngakhale wa m'manja."

"Azakhali afike kaye."

"Ndiitanireni Cyprian."

Azimayi anaseka kuti mtengwa wasowa kale mwamuna wake. Cyprian anabwera atavala suti, ananjuta pambali panga, fungo la perefyumu likundipweteketsa mutu.

"Cyprian, ndabaya kale ndipo shuga watsika. Maswiti anga mulibe. Ndipezere chotsekemera chilichonse."

"Pirira pang'ono, Esi," anatero mofatsa ngati m'busa. "Ndi chilakolako chabe chimenecho. Chitha."

Anandisisita pamutu pamwamba pa chitenje, n'kubwerera kumpando wake.

5

Pamenepo ndinadziwa kuti ndikakhalabe mtengwa waulemu, mbuzi ija idyedwa pa maliro anga.

Ndinataya chitenje n'kuimirira. Nyimbo inaduka. Bwalo linapendekeka, anthu onse anali awiriawiri. Amalume aja anali akadali ku migodi, ndipo akuti ndinawauza kuti nkhani yawo ndi yaitali kuposa msewu wa ku Lusaka, ndiponso ili ndi maenje ambiri. Zimenezo sindikuzikumbuka, koma sindikuzikana. Shuga akatsika pakamwa pamatuluka zimene munthu amasunga.

Ndinadzandira kulowera kukhitchini. Chitini cholembedwa shuga chinali chotsukidwa mbee. Ndinatembenukira ku poto wa mpunga, koma aNambewe anaima patsogolo pake atatambasula manja.

"Ayi, mwana wanga. Osati mpunga woyera."

Ndinatuluka, khamu lili pambuyo panga. Miyendo inali ngati ya munthu wina. Sindikudziwa chimene chinandipititsa kuseri kwa nkhokwe, mwina ndinkafuna pogwera popanda ondionerera. Kumeneko ndinapeza aMwale, apongozi anga, atakhala pa mtondo wogadabuzika. Anali atazemba pa mwambo. Jekete lawo linali lotsegula, mutu uli chagada, maso ali tsinzini, botolo la fanta lili pakamwa.

Mwambo umati mtengwa akakumana ndi apongozi aamuna apatuke, agwade patali, ayang'ane pansi. Ine ndinagwira botolo. Mkuluyo anatsegula maso, ndipo m'malo mosiya analigwiritsa. Tinakokana ngati ana. Pomaliza ndinawaponda chala cha kuphazi, botolo n'kubwera kwa ine.

"Mulandeni!" anakuwa aNambewe. "Mulandeni, afa!"

Cyprian anandithamangira n'kugwira mkono wanga. Ndinamuluma pa dzanja. Kenako ndinamwa, ndinamwa, mpaka botolo linayera. Ndinakhala pansi pa fumbi nditatsamira nkhokwe, diresi la phwando lili thope la thukuta.

Anthu ankadikira kuti ndigwe. Patapita kanthawi manja anasiya kunjenjemera, ndipo aNambewe awiri amene anaima patsogolo panga anabwerera kukhala mmodzi. Mutu utayamba kugwira ntchito, mawu awo aja anandibwerera.

"Amayi," ndinatero, "mwati ndifa. Ndifa ndi chiyani? Munthu amafa ndi fanta?"

ANambewe anayang'ana mwana wawo. Mwana wawo anayang'ana dzanja lake.

6

"Si shuga wanuyo, mwana wanga," anatero aNambewe. "Cyprian anatiuza kalekale."

Ndinayang'ana nkhope zonse. Loveness ankadziwa. Amalume a ku migodi ankadziwa. Ngakhale ana aja ankadziwa. Ine ndinali nditabisala m'bafa la udzu, ndikubaya mothamanga ngati wakuba, kubisira anthu chinthu chimene mudzi wonse unakambirana ndisanafike.

"Anakuuzani chiyani?"

"Anati munadwala chifukwa chokonda zotsekemera. Akuti amakupezani mukumung'unya maswiti mobisa, ndipo akakuletsani mumakwiya. Ndiye anati tikakuthandizani kusiya, muchira ukwati usanafike. Anatinso tisaonetse kuti tikudziwa, poti mumachita manyazi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Shuga yense tinakasungitsa kwa aneba sabata yatha, kuti tizolowere. Thobwa sitinaphike. Tinachitira inu."

"Za jakisoni anakuuzani?"

"Jakisoni wanji?"

Ndinatuma Loveness kuti akatenge fulasiki ndi chikwama changa. Ndinayala zonse pa mphasa: timabotolo, masingano, kamakina. Ndinadzibaya chala anthu akuona, ndinayeza, kenako ndinati andipatse mpunga chifukwa fanta sakhalitsa m'thupi. Ulendo uno palibe anatchula azakhali. Ndikudya ndinafotokoza zonse, kuti matendawa sindinawatole m'maswiti, kuti sachira ndi nimu, kuti jakisoni amatsitsa ndipo chakudya chimakweza, ndipo ine ndimakhala pakati ngati woyendetsa ngolo pa mlatho wopapatiza. ANambewe anamvetsera atagwira pakamwa.

Azakhali aja anafika nthawi imeneyo, akukankha njinga, n'kupeza mtengwa wosavundukulidwa akuguguda fupa la mbuzi. Anafunsa ngati asochera mudzi.

"Maswiti anga ali kuti?" ndinafunsa Cyprian.

"Ndinapatsa kondakitala." Anakweza mutu, ndipo ndinaona kuti sakuchita manyazi, akudabwa. "Ndimafuna kukuthandiza, Esi. Munthu wa shuga angadye bwanji maswiti? Nzeru zake zili pati? Funsa aliyense pano."

"Nanga bwanji unandiuza kuti sakudziwa?"

"Ukanakana kubwera."

Kuchokera pansi pa mtengo wa mango kunamveka kutsokomola. AMwale anali atabwerera pamalo pawo, phazi lili pa mpando. Sanayang'ane ine, analankhula ndi mtengo monga mwa mwambo.

"Tandifunsirani alendowo. Shuga angabwerere m'nyumba muno?"

Ndinauza Loveness kuti awauze kuti abwerere lero lomwe. Mwana wina anali atathamangira kale kwa aneba.

Anthu anaseka, koma aNambewe sanaseke nawo. Anasendera pafupi nane.

"Ndiye mukanakomoka pamphasa paja, ife tikanatani?"

"Ayankhe mwana wanu. Ndakhala ndikumuuza zaka ziwiri."

Maso onse anapita kwa Cyprian. Anakonza tayi. Anayang'ana zinthu zimene zinali pa mphasa, ndipo nkhope yake inawala ngati mwana wasukulu amene wakumbukira yankho.

"Kumuthira madzi kumutu," anatero, "kenako kumubaya jakisoni wakeyo."

ANambewe, amene anamva za insulini tsiku lomwelo, ndi amene anayamba kupukusa mutu.

"Iwe Cyprian, sunamve kuti jakisoniyo ndi wotsitsa? Ukamubaya atatsika kale, ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti wandimaliza, amayi," ndinatero. "Akanapaka shuga kapena uchi m'kati mwa tsaya langa, n'kuthamanga nane kuchipatala. Koma iye akanandibaya, n'kulira kwambiri pamanda."

Madzulo aNambewe anabwera kuchipinda kumene ndinkalongedza. Anati ndisafulumire, Cyprian amuphunzitsa okha.

"Amayi, inu mwamva tsiku limodzi. Vuto lake si kusaphunzitsidwa. Amaona kuti za thupi langa akudziwa kuposa ine."

Kutacha aNambewe anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo minibasi itaima anandifumbatitsa shuga wokulunga m'pepala. Cyprian anatsalira pakhomo, akuonetsa anthu pamene ndinamuluma.

7

Mpaka lero thiraki yake ikamadutsa pa boma amaliza hutala pafupi ndi sitolo yanga. Anzake amawauza kuti ndinamuchititsa manyazi kwawo, ndipo kuti mkazi wosamva malangizo sangachire. Azimayi ena mumsika amandimvera chisoni. Amati mwamuna wosamwa, wosamenya, wa ntchito yake, ndinamutayiranji, makamaka ine wodwaladwala. Ndimawayankha kuti agule chitenje kapena apatuke, akutchinga makasitomala.

Inu owerenga amene muli ndi shuga wonga wanga, ku Zambia ndimapitabe mwezi ndi mwezi, ndipo ndafika mpaka ku Tunduma. Matendawa saletsa pasipoti. Koma kwa eni ake simudziwa kuti chakudya chimadikira ndani, choncho musabaye chifukwa mwamva fungo. Mubaye mbale ili m'manja mwanu. Maswiti anu asagwiridwe ndi munthu wina, ngakhale amene amakutchulani kuti wokondedwa. Ndipo kulikonse kumene mwafika, uzani munthu mmodzi ndi pakamwa panu. Wina akakunenerani, amanena zimene iye akuganiza.

Kwa inu nonse amene muli ndi wina wokufunsirani, kaya muli ndi shuga, mphumu kapena khunyu, mufunseni lero pamaso pa anthu kuti mutagwa angatani. Musamuthandize yankho. Ine sindinamusiye Cyprian chifukwa anali woipa mtima. Anandikonda, ndipo akanandipha akundikonda. Olira bwino pamaliro kwathu ku Mkanda alipo kale ambiri, sindikusowa wina woti ndizigona naye nyumba imodzi.